NJINGA YAMOTO IKAKANA KULIRA

Ambiri a ife tinazolowera njinga zamoto za kabuleta. Ikatsamwa panjira tinali kumasula kabuletayo, kuitsuka, ulendo n'kupitirira. Koma njinga zambiri zatsopano zilibe kabuleta. Pampu yamagetsi imakankha petulo kucokera m'thanki, injekita imamupopera m'injini kupyolera pa timabowo tating'ono, ndipo kakompyuta ndiko kamayesa muyeso wake.

Tsono njinga yotere ikakana kulira, mwina usiku wodwala ali kudikira kupita kucipatala, timafulumira kunena kuti kompyuta yafa. Ena agulitsa mbuzi kuti agule cipangizo cimene sicinaonongeke konse. Kawiri-kawiri colakwa cimakhala cacing'ono, conco tiyambe ndi zapafupi.

Coyamba, titembenuze kiyi ndi kuchera khutu. Pampu iyenera kung'ung'uza kwa masekondi 2 kapena 3. Ikakhala cete, tione swichi yozimitsira injini pacigwiriro, fyuzi ndi batire. Batire yodzaza bwino imaonetsa mavolti 12.6, ikatsika kupitirira 12, yafooka. Timange zolimba nthambo zake ndi kupala dzimbiri.

Caciwiri, tiganizire petulo. Wogula m'mabotolo m'mbali mwa mseu nthawi zina amakhala ndi madzi kapena fumbi, zimene zimatseka sefa ndi injekita. Njinga imayamba kudukiza ndi kutha mphamvu pacitunda. Ndiponso tisazolowere kuyenda thanki ili pafupi kuuma, pakuti petulo yemweyo ndiye amaziziritsa pampu.

Cacitatu, tione pulagi ndi sefa ya mpweya. Pulagi yakuda ndi mwaye itiuza kuti petulo acuruka kapena mpweya ucepa.

Potsiriza, tiwerenge nyale yocenjeza. Pa njinga za Honda za PGM-FI, kuphethira kwakutali kumaimira 10, kwakufupi 1. Kwakutali kumodzi ndi kwakufupi kuwiri ndiye 12, kuloza ku injekita kapena nthambo zake. Tilembe nambalayo papepala, tikapatse makanika wodziwa nchito yake. Paipi ya petulo tisaimasule tokha, cifukwa petulo ali m'menemo ngwopanikizika, angathovokere pa injini yotentha ndi kubutsa moto.

Akulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Tisanaturutse ndalama za fetereza kapena za sukulu ya ana, tiyambe tamvera cimene njingayo ili kutiuza.