Kupepesa kwa makilomita 390

Mu 1994 mkulu wina wa zaka 73 wa m'tauni ya Laurens m'chigawo cha Iowa ku America, dzina lake Alvin Straight, anamva kuti m'bale wake wadwala sitiroko ku Wisconsin. Maso anali atafooka moti analibe laisensi yoyendetsera galimoto. Anakwera kathirakitala kotchetchera kapinga ka John Deere, kopangidwa mu 1966, n'kumangirira kangolo kumbuyo, n'kuyenda makilomita pafupifupi 390, mtunda woposa wa pakati pa Lilongwe ndi Blantyre. Liwiro la kamakinako linali makilomita 8 pa ola, ndipo ulendowo unamutengera milungu isanu ndi umodzi. David Lynch anatenga nkhaniyi n'kupanga filimu ya The Straight Story, imene inatuluka mu 1999 kudzera ku kampani ya Disney. Ambiri amaiona ngati kafilimu kofatsa ka nkhalamba yamakani. Ine ndikuti pa mafilimu a ku America onena za ulendo wapamsewu ndi kuyanjana kwa apachibale, iyi ndiyo ikunena zoona, chifukwa ikukana kugulitsa chikhululukiro motchipa.

Taonani mmene anzake amachitira. Amatenga anthu awiri odana, n'kuwatsekera m'galimoto imodzi, msewu n'kuwagwirira ntchito yonse. Mu Rain Man ya 1988, Charlie Babbitt akutenga mkulu wake Raymond ku Cincinnati pofuna gawo la madola 3 miliyoni amene bambo awo anasiya. Pofika ku Los Angeles mtima wake wafewa, inde, koma panjira wapatanso ndalama pa njuga ku Las Vegas. Ulendowo wamulipira. Alvin sapindula kanthu. Akuyenda yekha ndi ndodo ziwiri, akugona m'kangolo, mathiraki akumudutsa ndi chimphepo chouluza chipewa. Makina ake oyamba akufera panjira, iye n'kubwerera kwawo, n'kuyambanso. Lyle, m'bale amene sanalankhulane naye zaka khumi, akuoneka m'mphindi zomaliza zokha. Akutuluka m'kanyumba kake, akuyang'ana kathirakitala kaja, akufunsa ngati Alvin wabweradi pa chinthu chimenecho kudzamuona. Alvin akuvomera, basi. Mawu opepesa palibe, chifukwa kupepesa kwachitika kale pamsewu ndipo umboni wake waima pabwalo. Ngakhale kajambulidwe kake kanatsata mfundo yomweyi: anajambula motsata njira yeniyeni ya Alvin, kuyambira ku Laurens, ndipo Richard Farnsworth, amene anali ndi zaka 78 posewera ngati Alvin, anali akudwala khansa, moti kuyenda movutika kumene tikuona sikunali kongoyerekeza. Anamwalira mu 2000, atasankhidwa kupikisana nawo pa mphoto ya Oscar.

Wotsutsa woyamba anena kuti limeneli ndi liuma chabe. Munthu wadwala sitiroko, akhoza kutsirizika tsiku lililonse, iwe n'kumayenda milungu isanu ndi umodzi? Ndipo mwayi unalipo: makina atawonongeka pachitsikira, Danny Riordan, amene anamusunga pabwalo pake, anadzipereka kumuperekeza pa galimoto, Alvin n'kukana. Mfundoyi ndi yolemera, ndipo filimuyo siikubisa. Lyle akanafa Alvin ali panjira, tikanamutcha chitsiru. Koma tiyang'ane chimene akukana. Malo ogona akulandira, foni akubwereka, amakanika awiri amapasa akumukonzera makina iye n'kumanenerera mtengo. Chimodzi chokha ndicho sakulola, kuti wina amunyamule n'kukamutula pakhomo pa Lyle. Munthu wobwera naye pa galimoto ya eni amasiya funso kwa womulandira: wabwera yekha kapena amukakamiza? Komanso chimene chinalekanitsa abalewa ndi kunyada, ndipo palibe chochotsa ulemu kwa munthu wonyada kuposa kukhala choseketsa cha msewu wonse kwa mwezi ndi theka. Timakonda kunena kuti chibale n'fupa, sichiwola, koma mwambiwu ambiri aubisalira kuti asasunthe phazi, podalira kuti ubale udzadzikonza wokha pamaliro. Alvin sakudikira maliro.

Wotsutsa wachiwiri ndiye wovuta kumuyankha. Iye akuti filimuyi siinena chimene abalewa analakwirana. Alvin, pocheza ndi wansembe usiku pafupi ndi manda, akungotchula mkwiyo, kudzikuza ndi mowa, n'kufanizira nkhani yawo ndi ya Kaini ndi Abele. Kodi kuyanjana kosatchula mlandu si kukwirira chilonda chisanatsukidwe? Yankho lili m'filimu momwemo, pakuti Alvin si munthu wolephera kuulula. Atakhala m'bala ndi msilikali mnzake wakale wa nkhondo yachiwiri yapadziko lonse, akuulula chimene anabisa zaka makumi asanu: kuti anawombera mwangozi mnyamata wa gulu lake lomwe, amene ankachokera kokazonda adani, anzake n'kumaganiza kuti waphedwa ndi Ajeremani. Tchimo limenelo lili ndi wolakwa mmodzi, ndipo Alvin akulitchula momveka. Mkangano wa abale awiri okalamba, aliyense atanena mawu oipa kwa mnzake, ndi wina. Ukauyambanso umasanduka bwalo la milandu, wina n'kukumbutsa za chaka chakuti, wina n'kubweza za chaka chinzake, dzuwa n'kulowa. John Roach ndi Mary Sweeney, amene analemba filimuyi, anachita bwino kusatipatsa tsatanetsatane, chifukwa tikanangomumva tikanayamba kugamula kuti wolakwa ndani, zomwe abale eniakewo asiya.

Apa ndi pamene mfundo yanga ikuthera, ndipo wofuna kuitambasula kupitirira apa akuinamizira filimuyo. Kufika mwakachetechete kumakwanira pamene mlandu uli wa mbali zonse ziwiri. Pamene wina anazunza mnzake, kuyenda mtunda wautali sikufafaniza kanthu. Harry Dean Stanton, amene ndi Lyle muno, anasewera ngati Travis mu Paris, Texas ya Wim Wenders mu 1984, mwamuna amene nsanje ndi mowa zinamuchititsa nkhanza kwa mkazi wake Jane. Travis nayenso akuyenda ulendo wautali, mpaka ku Houston, koma ulendowo sukumupepesera. Akukhala kuseri kwa galasi n'kufotokoza zonse zimene anachita, chimodzichimodzi, kenako akubweza mwana wawo Hunter kwa mayi ake, iye n'kukwera galimoto n'kuchoka osapempha kuti amulandirenso.