Ma Valar Si Milungu Ai!

Pali mau amene afala pakati pa acinyamata ena akuti mabuku a J.R.R. Tolkien aphunzitsa kupembedza milungu yambiri. Ine ndikana. Ambiri onena zimenezi angoona ndevu ndi ndodo ya Gandalf m'mafilimu a 2001 mpaka 2003, basi mlandu aweruza.

Anzanga, tsegulani buku la The Silmarillion limene linatuluka mu 1977, Tolkien atamwalira kale mu 1973. Mlengi alimo mmodzi cabe, Eru Ilúvatar. Ma Valar, amene ali 14 tikacotsapo Melkor wopanduka uja, ndi zolengedwa zace zopatsidwa dziko kuti zilisunge. Ndi zoona kuti anthu ena a m'nkhanimo awacha milungu. Koma kodi ndi mulungu wotani amene alephera kupatsa moyo? Aulë, mmodzi wa iwo, anatopa kuyembekezera ana a Eru, napanga ma Dwarves 7 mobisa. Iwo anali kuyenda pokhapo iye akawaganizira. Atadzudzulidwa ananyamula nyundo kuti awaphwanye, ndipo Eru ndiye anawacitira cifundo nawapatsa moyo wao-wao.

Ma Elves ndi anthu sanapangidwe ndi ma Valar konse. Ma Elves anaitanidwa kukakhala pafupi nao ku Valinor, ndipo safa ndi ukalamba. Akaphedwa, mizimu yao ikhalabe m'dziko lomweli, ku nyumba za Mandos. Anthu sanaitanidwe. Iwo akufa, nacoka m'dziko kupita kumene ngakhale ma Elves sadziwa. Mungati kukondera, si conco? Tolkien, Mkatolika wolimba, anacha imfa imeneyi mphatso ya Eru. Apa ndi pamene munthu angatsutsane naye, pakuti Paulo acha imfa mdani. Tsono otsutsa athu bwanji sagwira mfundo yeniyeniyi m'malo mothamangitsa ndodo ya Gandalf?

Onaninso za cisumbu ca Númenor. Sauron ananyenga mfumu Ar-Pharazôn kuti moyo wosatha ungalandidwe ndi nkhondo. Anamanga kacisi wa Melkor, nayamba kupereka anthu nsembe. Pamene zombo za mfumu zinafika ku dziko la ma Valar, iwo sanaponye nkhondo. Manwë, mkuru wao, anatula ulamuliro naitana Eru, ndipo Eru anamiza cisumbu conse m'nyanja. M'nkhani imeneyi kacisi womangidwira wina wosakhala Eru ndi nchito ya mdani, ndipo kacisiyo anathera pansi pa madzi.