Timu Yathu Ikagonja Ife Tikuona

Kumva pa wailesi kuti timu yathu yagonja kumapweteka, koma munthu amatseka wailesiyo napita kukapalira chinangwa chake. Kuona kugonjako ndi maso, uli pabwalo pomwepo, ndi nkhani ina. Ife a kuno ku Chintheche tikafuna kuonera matimu aakulu, monga Moyale Barracks ikamakumana ndi Bullets kapena Wanderers, timalaŵira m'mamaŵa, kudzera ku Nkhata Bay ndi kukwera mapiri mpaka ku Mzuzu, ulendo wa makilomita oposa 80. Ndalama zaulendo ndi zoloŵera pakhomo zimachokera ku usipa umene tagulitsa kapena ku malipiro a pamwezi. Tsono woimbira mpira akaliza wenzulo yomaliza timu yathu itachinyidwa, mtima umaŵaŵa paŵiri: chifukwa cha zigoli ndiponso chifukwa cha thumba.

Pa nthaŵi imeneyo mpamene khalidwe la munthu limaonekera poyera, ndipo ana amene tapita nawo amakhala akutiyang'ana. Ife aphunzitsi timaona zipatso zake Lolemba pabwalo la sukulu. Mnyamata amene anamva atate ake akutukwana woimbira mpira, nayenso amatukwana mnzake amene wapatsidwa wenzulo. Amene anaona achimwene ake akutola mwala, timu ya kalasi lake ikagonja maso ake amayamba kufunafuna mwala. Akuluakulu sananame pamene anati make mbuu, mwana mbuu.

Mkwiyo wa pabwalo si chinthu chochepa. Mu December 2013 ku Balaka, pa maseŵero a Silver Strikers ndi Wanderers, kunabuka chipwirikiti ndipo munthu mmodzi anataya moyo. Munthuyo anachoka kwao kukaonera mpira monga timachitira ife tonse, koma abale ake analandira maliro. Kodi pali chikho chimene chingalipe moyo wotere?

Ena anasonyeza njira yabwino. M'chaka cha 2018, pa mpikisano wa dziko lonse ku Russia, timu ya Japan inatsogola ndi zigoli 2 kwa 0 poseŵera ndi Belgium mumzinda wa Rostov-on-Don, koma inagonja 3 kwa 2, chigoli chotsiriza chitaloŵa m'mphindi yomaliza. Ochemerera ake anali atayenda ulendo wautali kuposa wathu wa ku Mzuzu, ndipo ambiri analira misozi. Komabe asanatuluke anatenga matumba natola zinyalala zonse pamalo amene anakhalapo. Oseŵera nawonso anasesa chipinda chao chovalira nasiya kalata yothokoza m'chinenero cha eni dziko. Chisoni chao chinali chenicheni, koma sanalole kuti chiŵalande ulemu.

Wochemerera wanzeru amadziŵanso kuti kugonja sikukhalitsa pakhomo limodzi. Timu ya dziko lathu, Flames, inatenga chikho cha maiko a kuvuma ndi pakati pa Africa m'zaka za 1978, 1979 ndi 1988. Koma itapita koyamba ku mpikisano wa Africa yense ku Ivory Coast mu 1984, Algeria inaichinya zigoli 3 kwa 0. Patapita zaka 26, mu January 2010 ku Luanda, Flames yophunzitsidwa ndi Kinnah Phiri inabwezera Algeria zigoli zomwezo, 3 kwa 0. Ife tikadali m'chimwemwe, Angola ndi Mali zinatigonjetsa, timu nibwerera kumudzi. Chaona mnzako chapita, maŵa chili pa iwe. Ku America nako ochemerera timu ya baseball ya Chicago Cubs anadikira zaka 108, kuyambira 1908 kufikira 2016, kuti aonenso chikho chachikulu. Agogo anasiyira adzukulu chikondi cha timuyo popanda chikho chilichonse choŵaonetsa.

Ife a m'mbali mwa nyanja sitisoŵa mphunzitsi pa nkhaniyi. Asodzi amachezera usiku wonse ndi nyali zao, nthaŵi zina nabwera ndi usipa wosadzaza n'chidebe chomwe. Mwera ukaomba m'miyezi yozizira amakhala masiku angapo osaloŵa m'madzi. Sitinaonepo msodzi akutema bwato lake kapena kumenya mnzake amene wapha zambiri. Amakhala pamchenga nasoka chilimira chake, kukonzekera usiku wina.

Chifukwa chake, inu makolo, mukapita ndi mwana ku mpira, kaya ku Mzuzu kaya pabwalo la m'mudzi, khalani kufikira maseŵero atatha, ngakhale zigoli zichuluke. Oseŵera amafuna m'manja mwathu makamaka tsiku limene zaŵavuta. Yamikirani chigoli chabwino ngakhale chachinyidwa ndi a mbali ina, ndipo panjira kambiranani ndi mwanayo chimene timu inalakwitsa, osasenzetsa woimbira mpira mlandu wonse. Pofika pakhomo musaiŵale kuti amai ndi ana otsala sanaseŵere nawo mpirawo. Nkhope yamasinya isaloŵe nafe m'nyumba.

Ndipo inu anyamata ndi asungwana, mudzagonja kambiri m'moyo uno: pa mayeso, pofuna ntchito, ngakhale pofunsira banja. Bwalo la mpira ndi sukulu yotsika mtengo yophunzirirapo kugonja, pakuti Loŵeruka lina likubwera. Phunzirani pamenepo kugwira dzanja la amene wakuposani, ndi kubwerera kwanu mwamtendere.