Za Kachitsulo ka mu Mtima ndi Mankhwala Osalekeza

Abale athu a m'midzi, mwezi uno tinena za amuna obwera ku Joni. Inu a ku Jenda, a ku Embangweni ndi a pa boma pa Mzimba mudziwa kuti midzi yathu yambiri ili ndi mwana wache ku Johannesburg. Ena a iwo, pakudwala mtima, madotolo amawaikira kachitsulo kolukidwa ngati mono m'kati mwa mtsempha wodyetsa mtima, kuti njira ya magazi itseguke. Dzina lache sitenti. Nchito yofutukula mitsempha yotere anaiyamba Andreas Grüntzig ku Zurich m'chaka cha 1977, ndipo sitenti yoyamba inaikidwa ku Toulouse m'chaka cha 1986.

Tsono munthuyo afika kwao wamphamvu, nagwira khasu. Mapilitsi pakutha, aganiza kuti wachira, naleka. Apa ndipo pagona tsoka.

M'magazi mwathu muli tizinthu tosaoneka ndi maso, totchedwa mapulatileti. Nchito yao njabwino: mukadzitema ndi nkhwangwa, iwo athamangira pabalapo, namamatirana, natseka magazi. Mtsempha wabwino uli ndi khungu la m'kati losalala monga pansi pozira amai aluso, ndipo khungulo litulutsa mankhwala ache owaletsa kumamatira. Koma poika sitenti khungulo lisupuka, chitsulo chikhala poyera. Mapulatileti ayesa bala, naunjikana monga zinyalala pa mono nthawi ya dzinja. Mtsempha ukatsekeka, munthu akhoza kufa tsiku lomwelo, angakhale m'mawa anali kuseka ndi ana ache.

Kuti khungu latsopano likute chitsulocho papita miyezi. Nchifukwa chache madotolo apatsa mankhwala awiri pamodzi, monga asipirini ndi clopidogrel, kawirikawiri miyezi 6 kufikira 12, ndipo amodzi a iwo apitirira moyo wonse. Mapulatileti akhala masiku 7 kapena 10 okha, thupi nilipanga ena. Wolekeza mankhwala, isanathe sabata yachiwiri, magazi ache adzala ndi atsopano osawadziwa mankhwalawo konse.

Inu amai osunga botolo, werengani mapilitsi, pakuti amuna sakonda kuwerenga zotere. Akatsala a masabata awiri, tengani kalata ya ku Joni kunka nayo ku chipatala cha Mzimba, ku Katete kapena ku Embangweni, kuti ngati afunika kuchokera ku Mzuzu nthawi ikhalepo. Mudziwa nokha miseu yathu mvula ikagwa.

Mankhwalawa achedwetsa kuuma kwa bala. Wakumwayo asatemedwe mphini, asazulitse dzino osamuuza dotolo, asagule Brufen pa sitolo. Chimbudzi chikada ngati makala, kapena kamfuno akakana kuleka, apite ku chipatala tsiku lomwelo, dotolo ndiye aweruze zoleka. Ndipo chifuwa chikalemera ngati ausenzetsa mwala, thukuta lili kamukamu, musadikire kuti kuche. Funani galimoto usiku womwewo.