Chisoso inde, koma kafumbata sachiopa

Inu anzanga a pamsika, mpamba wanu weniweni si ndalama zili m'kachikwamazo ayi. Ndi manja. Wabutchala akadzitema, wachipisi akapsa ndi mafuta, bizinesi yaima basi. Ndiye sabata ino tikambe za mabala.

Kwathu kwa Dzoole ku Dowa, munthu akadzicheka ndi chikwakwa kudimba sathamangira patali. Amathyola chisoso, chomwechi timadyera nsimachi, n'kufinyira madzi ake pabalapo. Ena amatema khungwa la mlombwa n'kupaka utomoni wake wofiira ngati magazi uja.

Ine sindinyoza zimenezi. Makolo sadali opusa, ndipo zina madokotala amazivomereza. Pachipatala cha Royal Victoria mumzinda wa Banjul ku Gambia ankathandiza ana opsa powaika papaya wophwanya pazilonda, nkhaniyi n'kulembedwa mu 1999. M'papaya muli papain, amene amadya mnofu wakufa pachilonda. Uchi nawo umalepheretsa tizilombo kuswana.

Komatu kumeneko n'kuchipatala, kumene bala amalitsuka ndi kuliona tsiku ndi tsiku. Si zofanana ndi timabotolo topanda chizindikiro tikugulitsidwa pa Mponela ndi m'misika ya ku Lilongweti. Wogulitsa akuti kamodzi komweko kachiza bala, shuga ndi nsana womwe! Muli chiyani m'menemo? Madzi ake adatunga pati? Lamulo la 2019 lidakhazikitsa bungwe la PMRA loyang'anira mankhwala, koma pabenchi panu woyamba kufunsa ndinu.

Tsono mvetsani. Bala laling'ono, yambani mwalitsuka ndi madzi abwino ndi sopo, kenako mumange ndi kansalu koyera. Mukapsa, thirani madzi ozizira kwa mphindi 20. Zopaka phulusa, dothi, ndowe kapena mafuta a mabuleki, chonde lekani.

Msomali kapena lata likakubayani mozama, musadalire tsamba. Kafumbata amakhala m'dothi ndi m'ndowe, ndipo amaonekera pakapita masiku 3 mpaka 21, nsagwada n'kuyamba kuuma. Chisoso sachiopa ameneyu. Chomuletsa ndi katemera. Pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Chimodzimodzi bala likatupa, likamanunkha, kapena ngati muli ndi shuga.

Ndikudziwa, kutseka benchi tsiku limodzi n'kowawa. Koma makasitomala abweranso mawa. Chala chikadulidwa sichiphukanso.