Za Kuyesa Mphamvu ya Injini za Zombo Zogwira Nsomba

Kwa Mafumu ndi Mamembala onse,

Mafumu ndi akuru anga, ndipempha kuti pa msonkhano ulinkudza tiike mtima pa mlandu uwu: Boma lingadziwe bwanji mphamvu yeniyeni ya injini ya combo cokoka khoka? Pakuti injini ikakula, khoka likulanso, ndipo nsomba zimene mabwato ambiri akadagawana zilowa m'combo cimodzi.

Maiko a cigwirizano ca European Union anaika lamulo m'caka ca 2009, kuti injini yopitirira makilowati 120 ikhale ndi kalata yocitira umboni mphamvu yace. Koma m'caka ca 2019 panaturuka mau a oyesa amene anakwera zombo 68 m'maiko 14, napeza kuti monga theka la zombozo linaposa mphamvu yolembedwa. Cinyengo cace ncosabvuta: mwini acepetsa mafuta olowa m'injini tsiku lolembetsa, nawatsegulanso atalandira kalata.

Cifukwa cace woyesa woona sakhuta ndi kalata, kapena ndi kacitsulo kolembedwa pa injini. Amanga cipangizo cace pa citsulo cozunguza pulopela, nayesa combo cirikuyenda pamadzi ndi mphamvu yace yonse. M'caka ca 2023 maikowo analimbitsa lamulo, kuti zombo zina zazikuru zidzakhale ndi cipangizo coyesa kosalekeza.

Caona mnzako capita, mawa ciri pa iwe. Kumwera kwa Nyanja ya Malawi zombo za injini zikoka makoka kuyambira 1968. Ndipo kucepa kwa cambo m'Nyanja ya Malombe m'zaka za m'ma 1990 kunatiphunzitsa kuti nsomba zimatha. Sikuyenera kuti wa bwato alandidwe ukonde wace wa maso ang'ono, pamene wa combo akhulupiridwa pa mau ace okha.

Ena adzati kuyesaku kufuna ndalama zambiri. Ndiyankha kuti wopindula ndi nyanja alipe mtengowo pamodzi ndi laisensi yace.

Lamulo la Nsomba la 1997 linapatsa anthu a m'midzi mau pa kusunga nsomba. Cotero tipemphe Boma mwaulemu zinthu zitatu: combo ciyesedwe pamadzi laisensi isanaperekedwe, ciyesedwenso mwini wace osauzidwa tsiku, ndipo zopezekazo ziwerengedwe pamaso pa Mafumu a m'mbali mwa nyanja.

Ine mtumiki wanu,
Mlembi wa Msonkhano.