Kapu ya khofi yomwe inagwedeza mbumba

Awerengi, sabata ino ndabwera ndi nkhani ya khofi. Ndikudziwa kuti kuno ku Kasungu tikati chakumwa cham'mawa ambiri timaganiza tiyi wa Chombe ndi mbatata yophika, koma tamvani zomwe zandionekera.

Muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga, anabwera kuchokera ku Cape Town mwezi wa Meyi. Anakhalako zaka zinayi akugwira ntchito pamalo ogulitsira khofi. Anayamba ndi kutsuka makapu, kenako abwana anamukhulupirira n'kumuika pamakina. Anzake akamachokera ku Joni amabwera ndi matiresi, wailesi ndi ndalama za malata. Iyeyu m'chikwama mwake munatuluka kapoto kachitsulo kangodyangodya, kopyapyala m'chiuno. Mayi ake anangogwira pakamwa.

Titagulitsa mabelo athu ku Chinkhoma, tinakhala pansi monga mwa masiku onse kuti tione za feteleza, fizi ya ana ndi ngongole ya aganyu. Apa m'pomwe mnyamatayu anautsa mapiri pachigwa. Anati gawo lake sakufuna lilowe mufodya wa chaka chamawa, akufuna atsegule kamalo kogulitsira khofi paboma, m'mbali mwa msewu wa M1. Mlongo wanga anandiyang'ana ine, poti mwinimbumba ndine. Mawu okana anali kale pamlomo.

"Atsibweni, musanakane, lawani kaye," anatero.

M'mawa mwake, kuli chisanu cha Juni chija, anasonkha mbaula pafupi ndi chigafa. Anati zomwe atikonzere dzina lake ndi flat white. Chakumwachi chinatchuka m'zaka za m'ma 1980, ndipo mpaka lero anthu a ku Australia ndi a ku New Zealand amalimbirana kuti anachiyambitsa ndani. Ndi khofi wamphamvu pang'ono pansi, mkaka wotentha pamwamba, ndi kathovu kopyapyala kosalala. Chimasiyana ndi cappuccino yemwe thovu lake limakhala lambiri ngati la sopo, komanso latte yemwe mkaka umachuluka mpaka khofi kuzimirira. Kapu yakenso ndi yaying'ono, yosafika mamililita 200.

Ndinakhala pampando n'kumaonerera, ndipo ndikuuzani momwe anachitira kuti wofuna akayese kwawo.

Khofi wake anali wanjere, wokazingakazinga, wa Mzuzu Coffee. Anatapa masupuni atatu n'kusinja m'kamtondo ka mayi ake, atakatsuka bwino kuti fungo la tsabola lichoke. Anasefa, zotsala n'kubwezanso mumtondo. Anati ufa wake uzikhala ngati mchere wosalala wa m'paketi. Ukasalala ngati ufa woyera madzi amavutika kudutsa ndipo khofi amawawa, ukakhala wamiseremisere madzi amangothamanga, khofi n'kukhala wamadzimadzi.

Kapoto kaja amakatcha moka, ndipo anakatulukira ndi Alfonso Bialetti wa ku Italy mu 1933. Kali ndi zipinda zitatu. Pansi anathira madzi otentha kale, osapyola kabowo kotulukira mpweya kam'mbali. Pakati pali kasefa komwe anadzazamo khofi n'kusalaza ndi chala, osatsindira. Anamanga chapamwamba mwamphamvu n'kuika pamakala ochepa. Madzi akatentha, nthunzi imawakankha kudutsa mukhofi n'kukatulukira m'chipinda chapamwamba. Kapoto katangoyamba kulira kuti fwofwofwo, anakaphula msanga, ati ukachedwa khofi amamveka kupserera. Anavomera yekha kuti uyu si espresso weniweni, poti makina a ku Cape Town amakankha madzi ndi mphamvu ya ma bar 9 pomwe kapotoka sikafika ngakhale theka lake. Koma pamudzi popanda magetsi, akuti apa ndiye pafupi.

Luso lenileni linali pamkaka. Anagwiritsa ntchito wa m'paketi, wosachotsa mafuta. Wa kukhola nawonso umatheka, bola uyambe wawiritsidwa n'kuzizira, chifukwa mkaka wosawiritsa umatha kupatsa matenda. Anautenthetsa pang'onopang'ono osaulola kuwira. Pamakina amayeza madigiri 60 mpaka 65, koma iye anangogwira m'mbali mwa poto: dzanja likayamba kulephera kupirira, basi wakwana. Mkaka ukawira, kutsekemera kwake kumathawa. Kenako anauthira m'botolo lagalasi mpaka theka, n'kutseka, n'kulikulunga m'kansalu, n'kukhutchumula kwa theka la mphindi. Anatsegula mosamala, anabwezera m'kapoto, anagogoda pansi kangapo kuti thovu lalikululikulu liphulike, n'kuzunguza mpaka mkaka unanyezimira ngati penti. Pomaliza anathira khofi m'kapu, gawo limodzi, n'kutsanulira mkaka magawo awiri, poyamba ali pamwamba, pomaliza atatsitsa kapoto pafupi ndi mlomo wa kapu.

Ndinatambasula dzanja kufuna shuga. Anandigwira mkono. "Atsibweni, kamodzi kokha, opanda shuga."

Abale, ine ndinakula ndikudziwa kuti khofi ndi Ricoffy wa m'chitini, yemwe ndi wosakaniza ndi chicory, ndipo timathira shuga masupuni atatu. Zomwe ndinalawa tsikulo zinali zina. Sizinawawe, zinkatsekemera zokha, ndipo fungo lake linakhala m'kamwa mpaka nditafika kudimba.

Chomwe chinandisowetsa tulo usiku umenewo si khofiyo, ngakhale ndi zoona kuti ukamwa madzulo umachezera kuwerenga mapaso. Ndinkaganiza za paketi ija. Khofi ameneyu amalimidwa konkuno, kumapiri a Misuku ku Chitipa, ku Phoka ku Rumphi, ku Viphya, ndi alimi ang'onoang'ono ngati ife. Ku Thyolo, esiteti ya Satemwa nayo imalima. Koma ine, munthu wa imvi, ndinadikira mwana achoke ku South Africa kuti adzandilawitse zakwathu.

Ambiri sitidziwanso kuti khofi ndi mkulu wake wa fodya pamalonda a dziko lino. Mbande zoyamba zinafika ku Blantyre Mission mu 1878 kuchokera ku Edinburgh, ndipo m'zaka za m'ma 1890 khofi ndiye ankatsogola pa zogulitsa kunja, mpaka mtengo wake unajambulidwa pachizindikiro cha boma la atsamunda. Chitadutsa chaka cha 1900, mitengo inagwa chifukwa cha khofi wochuluka wa ku Brazil, tizilombo natonso tinavuta, azungu n'kutembenukira ku fodya, thonje ndi tiyi. Ndiye kuti mbewu yomwe lero timaiona ngati yosagwedezeka inalowa m'malo mwa ina yomwe eni ake ankaionanso chimodzimodzi.

Musandimve molakwa. Sindikuti tizule fodya tibzale khofi. Khofi wa arabica amakonda kumapiri kozizira, ndipo chigwa chathu chino, ndi ng'amba yake yaitali, si kwawo. Fodya ndiye watiphunzitsira ana ndi kutifolerera nyumba. Koma taganizani: timafesa nazale, timawokera, timathyola, timasoka, timapachika, timasankha, timadinda pajeke, kenako wina amadzatchula mtengo ife titangoima. Muphwa wanga akufuna kuima mbali inayo, komwe wogulitsa ndiye amatchula mtengo.

Nkhawa ndili nazo. Kodi paboma alipo angati omwe angasiye tiyi wa m'tiyirumu n'kugula kakapu kakang'ono kodula? Iye akuwerengera apaulendo a pakati pa Lilongwe ndi Mzuzu, ogwira ntchito m'mabanki ndi m'mabungwe, ndi alendo opita ku Kasungu National Park. Mwina akulondola, mwina ayi. Akuluakulu anati fodya wako ndi yemwe ali pamphuno, wapachala ngwamphepo, ndipo mlongo wanga wandikumbutsa mwambiwu katatu.

Chigamulo changa chinali chotere: ndamupatsa ndalama za belo limodzi, osati gawo lake lonse. Ayambe ndi tebulo, mbaula ndi kapoto kake. Ikafika nthawi ya nazale adzatithandiza kuthirira m'mawa asanapite paboma. Pofika Epulo, msika ukamatsegulidwa, tidzatsegula kope lake ndi langa, tidzaone.

Pakadali pano ndikuphunzira kukhutchumula botolo. Thovu langa likutulukabe ngati la sopo, ndipo mayi a kunyumba akuti ndikuwathera mkaka wa ana.